Mnyamata Aliyense Alowe M'bwalo

Ambiri mwa inu amene mukuphunzira ntchito ya uphunzitsi mudzapeza kuti, pa sukulu imene mudzatumizidwe, mphunzitsi watsopano ndiye amene amasenzetsedwa udindo wa masewera. Aphunzitsi akale amati mafupa ao adakhwima, ndipo mphunzitsi wamkulu amangoyang'ana amene wangofika kumene nampatsa wezulo. Ena mwa inu mudasewerako mpira wa basiketibolo ku sekondale kapena konkuno ku koleji, ndipo sipadzapita nthawi musanaganize zoimika mzati pafupi ndi sukulu ndi kuitana anyamata a m'midzi yozungulira kuti azidzasewera masana. Maganizo amenewo ndi abwino, ndipo ife tikuwavomereza ndi mtima wonse. Koma musanakumbe dzenje la mzatiwo, pali funso limodzi limene tikufuna kuti mulilingalire mofatsa: kodi pakutha pa chaka mudzadziwa bwanji kuti ntchito yanu yayenda bwino?

Yankho limene limafulumira kubwera pakamwa ndi lakuti tidzadziwira chikho. Timu ikakagonjetsa masukulu ena, amfumu nabwera kudzagwira chanza anyamata, ndiye kuti mphunzitsi wagwira ntchito. Ife tikutsutsa yankho limeneli. Tikuti ntchito ya mphunzitsi woyendetsa masewera a anyamata m'mudzi iyesedwe ndi kaundula: ndi anyamata angati amene adalembetsa pachiyambi, ndipo ndi angati mwa iwo amene akubwerabe mwezi wotsiriza wa chaka. Mphunzitsi amene adayamba ndi anyamata 40 natsala ndi 10, ngakhale 10 amenewo atatenga chikho cha boma lonse, wataya ana 30. Zoterezi zitachitika m'kalasi, palibe mphunzitsi wamkulu amene angaziyamikire.

Zimene timaona kawirikawiri

Tikamayendera ophunzira athu ku masukulu, timaona zinthu zikuyenda chimodzimodzi pafupifupi paliponse pamene mpira watsopano wafika. Tsiku loyamba bwalo limadzaza. Mphunzitsi amawaimika anyamata pamzere, nayenda kutsogolo kwao monga wogula ng'ombe pamsika, nkumaloza ataliatali ndi ojintcha. Osankhidwawo amalowa m'bwalo, ndipo otsala amauzidwa kuti akhale pambali aziona kuti aphunzire. Mlungu woyamba amakhaladi pambali, nkumathamangira mpira ukatuluka kunja. Mlungu wachiwiri amayamba kuchepa. Pofika mwezi wachitatu sipakhalanso ndi mmodzi yemwe, ndipo mphunzitsi akafunsidwa amati anawo adalibe chidwi.

Chidwi adali nacho, pakuti palibe amene adawakakamiza kubwera tsiku loyamba lija. Chimene chidawachotsa ndi kusowa chochita. Mwana wa zaka 12 sangapirire masana onse akuonerera anzake, ndipo akachoka pabwalo sapita kukawerenga buku. Amapita kumene ena amapita: ku nyumba zoonetsera mavidiyo, kumsika kukasaka ganyu, kapena kuseri kwa golosale kumene okulirapo amasuta chamba ndi kutchova njuga. Chomvetsa chisoni nchakuti anyamata amene amasiyidwa pambali kawirikawiri ndi omwewo amene akusowa chisamaliro cha mphunzitsi koposa ena onse. Ndiwo uja wopinimbira chifukwa cha kuperewera kwa chakudya kunyumba, uja wamanyazi, uja wobwereza kalasi, ndi uja amene adasiya sukulu chaka chatha.

Mmene masewerawa adayambira

Nkofunika kuti mudziwe kuti mpira wa basiketibolo udayambira m'manja mwa mphunzitsi amene adali ndi kalasi lovuta. M'mwezi wa Disembala 1891, James Naismith, mbadwa ya ku Canada, ankaphunzitsa pa sukulu ya bungwe la YMCA mu mzinda wa Springfield, m'chigawo cha Massachusetts ku America. Sukuluyo inkakonzekeretsa anthu ntchito yotsogolera achinyamata. Idali nyengo ya chisanu, pamene sikutheka kusewera panja, ndipo kalasi lina la ophunzira 18 lidatopa ndi masewera olimbitsa thupi obwerezabwereza a m'holo, kotero kuti lidayamba kuvuta. Mkulu wa chigawo cha masewera, Luther Gulick, adapempha Naismith kuti apeze masewera atsopano otheka m'kati mwa nyumba, amene sangavulaze anthu.

Naismith adalingalira za masewera amene adalipo kale, ndipo adaona kuti nkhanza zimayamba pamene munthu akuthamanga atanyamula mpira, chifukwa anzake amayenera kumgwetsa kuti amlande. Chotero adalamula kuti wogwira mpira asathamange nao koma aupereke kwa mnzake. Adaonanso kuti chigoli chikakhala pansi, osewera amaunjikana pakhomo pake namaponya mpira mwamphamvu. Nchifukwa chake adachikweza m'mwamba, kuti luso lipambane mphamvu. Adakhomera madengu awiri otengera mapichesi pa khonde la m'mwamba la holoyo, pa msinkhu wa mafiti 10, ndiko kuti mamita 3.05, ndipo adatenga mpira wa miyendo popeza ndi umene udalipo. Malamulo ake 13 adasindikizidwa mu Januwale 1892 m'magazini ya sukuluyo yotchedwa The Triangle.

Pali chinthu chimodzi m'mbiri imeneyi chimene tikufuna kuti muchigwiritse. Masiku ano timu imalowetsa osewera 5, koma tsiku loyamba lija Naismith adagawa kalasi lake pawiri, 9 mbali iyi ndi 9 mbali inayo. Chiwerengero cha osewera adachitenga ku chiwerengero cha ophunzira ake, ndipo palibe amene adakhala pambali. Pambuyo pake, kuyambira mu 1898, Naismith adaphunzitsa timu ya yunivesite ya Kansas, kumene adapambana masewera 55 nagonja 60. Pa aphunzitsi onse a timu ya amuna ya pa yunivesiteyo, ndi iye yekha amene adagonja kochuluka kuposa kupambana. Komabe adakhala ndi moyo mpaka kukaonerera masewera ake pa mpikisano wa Olimpiki ku Berlin mu 1936. Mwini masewerawa adali mphunzitsi poyamba, ndipo kaundula wake adamposa chikho.

Diso la mphunzitsi limanama

Wina adzati kusankha nkofunika, popeza mpira umenewu ndi wa anthu aatali. Tiyeni tione ngati diso la mphunzitsi lingathe kusankha bwino pa msinkhu umenewu. Mudaphunzira kale m'phunziro la kakulidwe ka mwana kuti anyamata sakula nthawi imodzi. Ambiri amatalika msangamsanga ali ndi zaka pafupifupi 14, koma ena amayamba ali ndi zaka 12 ndipo ena amadikira mpaka 15 kapena 16. Amene ali wamtali lero mwina wangofulumira kukula, ndipo mnzake amene mukumuona wamng'ono akhoza kudzamposa zaka ziwiri zikubwerazi. M'masukulu athu vutoli ndi lalikulu koposa, chifukwa m'kalasi limodzi la Sitandade 6 mumapezeka mwana wa zaka 11 atakhala pa desiki limodzi ndi wa zaka 16. Mukasankha poyang'ana msinkhu, mwasankha zaka za kubadwa basi.

Zimenezi zidaonekeranso ku maiko ena. M'chaka cha 1985, Roger Barnsley ndi anzake ku Canada adaonetsa kuti pakati pa akatswiri a masewera a hockey ya pa madzi oundana, obadwa m'miyezi yoyambirira ya chaka adali ochuluka kwambiri kuposa obadwa kumapeto kwa chaka. Chifukwa chake chidali chakuti ana ankagawidwa m'magulu potsata chaka chobadwa. Mwana wa mu Januwale ankaoneka wamkulu ndi wamphamvu kuposa wa mu Disembala, nasankhidwa, napatsidwa aphunzitsi abwino ndi nthawi yochuluka yosewera. Osankhawo ankaganiza kuti akuona luso, pamene chimene ankaona ndi kusiyana kwa miyezi 11. Ngati miyezi yokha idasokeretsa aphunzitsi odziwa ntchito, kuli bwanji zaka 5 zimene zimasiyanitsa ana a m'kalasi limodzi kwathu kuno?

Mbiri ya akatswiri a basiketibolo ikuchitiranso umboni. M'chaka cha 1978, Michael Jordan, ali ndi zaka 15, sadasankhidwe mu timu yaikulu ya sekondale ya Laney mu mzinda wa Wilmington, ku North Carolina, ndipo malo adapatsidwa kwa mnzake wamtali kuposa iye. Chidampulumutsa nchakuti sukuluyo idali ndi timu yachiwiri, mmene adasewera chaka chonsecho mpaka adakula. Pakati pa 1991 ndi 1998 adatenga chikho cha ligi ya NBA kasanu ndi kamodzi ndi timu ya Chicago Bulls. Hakeem Olajuwon wa ku Lagos, ku Nigeria, adali goloboyi wa mpira wa miyendo ndipo adayamba basiketibolo ali ndi zaka 15, koma adatenga chikho chomwecho ndi Houston Rockets mu 1994 ndi 1995. Muggsy Bogues adali wamtali mamita 1.60 okha, komabe adasewera zaka 14 mu ligi imeneyo.

Sitikutchula maina amenewa kuti muziyang'ana Jordan pakati pa ana anu. Mwa anyamata onse amene mudzawaphunzitse pa moyo wanu, mwina palibe ndi mmodzi yemwe amene adzadyere mpira umenewu. Tikuwatchula pofuna kuonetsa kuti kusankha ana ali aang'ono kumalephera ngakhale pa cholinga chake chomwe, chopezera akatswiri. Tsono ngati kusankhako sikupeza akatswiri, ndipo kukuthamangitsa ana ochuluka, phindu lake lili pati?

Ana ambiri, mpira umodzi

Chidandaulo chachiwiri ndi chomveka kuposa choyamba. Chiyambire chaka cha 1994, pamene maphunziro a pulaimale adakhala aulere m'Malawi, masukulu athu ali ndi ana ochuluka, ndipo mphunzitsi adzati: ndili ndi mpira umodzi, mizati iwiri ndi anyamata 36, ndingawalowetse bwanji onse? Tiyeni tiwerengere limodzi. Mukaseweretsa asanu kwa asanu pa bwalo lonse kwa ola lathunthu, osewera ndi 10 ndipo 26 akungoonerera. Koma mukagawa bwalo pakati, nkuseweretsa atatu kwa atatu pa mzati uliwonse, nthawi imodzi mukhala anyamata 12. Anyamata 36 ndi matimu 12. Masewera aliwonse akatenga mphindi 5, pakutha pa mphindi 15 aliyense walowapo, ndipo pa ola limodzi mnyamata aliyense wasewera kanayi, ndiko kuti mphindi 20.

Musaganize kuti kusewera atatu kwa atatu nkupeputsa masewera. Bungwe loyendetsa basiketibolo pa dziko lonse, la FIBA, lidakhazikitsa malamulo ake, ndipo masewera otere adalowa mu Olimpiki ku Tokyo m'chaka cha 2021. Amaseweredwa pa mzati umodzi, pa bwalo la mamita 15 ndi 11, pamene bwalo lathunthu limafuna mamita 28 ndi 15. Kwa mwana wophunzira, kasewereredwe aka nkoposa, pakuti pa anthu atatu palibe pobisala. Wamanyazi uja ayenera kulandira mpira chifukwa palibenso wina woti apatsidwe, ndipo wodzikonda uja amazindikira msanga kuti payekha sangadutse anthu atatu. Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo mwana amaumvetsa bwino mwambiwu akalandidwa mpira katatu chifukwa chokana kupatsira.

Nawo amene akudikira asakhale manja lende. Kambali ena aziphunzira kupatsirana ndi kuwakha, ndipo pa ntchito imeneyi mpira wa miyendo, wa manja, ngakhale wa chikulunga ukwanira, monga mmene Naismith adayambira ndi mpira umene udalipo. Mpira weniweni wodunda usungidwire masewera ndi phunziro la kudunditsa. Wina agwire wezulo, wina alembe zigoli pa kabolodi, wina asunge nthawi, ndipo ntchitozi zizizungulira. Mnyamata amene waimbirapo masewera a anzake sachedwa kuleka kukangana ndi woimbira. Masana amenewa muziwakonzekera monga mukonzekera phunziro la m'kalasi, polemba cholinga chimodzi cha tsikulo ndi magawo a nthawi, ndi kudziwiratu chimene gulu lililonse lidzachite.

Masewera ayenerane ndi mwana

Mwana wa zaka 9 akapatsidwa mpira wa akuluakulu, wolemera pafupifupi magalamu 600, nauzidwa kuti aponye pa mkombero wa mamita 3.05, amaponya masana onse osagoletsa. Akatero amaganiza kuti iye ndiye wolephera, pamene wolakwa ndi amene adamuimikira mzatiwo. M'masewera a ana aang'ono, otchedwa mini-basiketi, mkombero umatsitsidwa kufika mamita 2.60, ndipo mpira wake ndi wa saizi 5, wocheperapo ndi wopepukirapo kuposa wa saizi 7 wa amuna akuluakulu. Ngati ndalama zikukwanira mpira umodzi wokha ndipo ana anu ambiri ndi osapitirira zaka 12, gulani wa saizi 5. Ngati muli ndi mizati iwiri, umodzi ukhale wotsika. Pogawa matimu yang'anani zaka ndi matupi, kuti wa zaka 10 asagundane ndi wa zaka 16.

Zipangizo zina sizifuna kudikira thandizo lochokera kutali. Wowotcherera zitsulo wa pamsika akhoza kupinda mkombero wa masentimita 45 m'kati mwake, kalipentala nakhoma thabwa la kumbuyo. Mzati wa bulugama upakidwe oilo wakutha kunsi kwake poopa chiswe, ndipo uzikidwe mozama. Muziugwedeza nokha mlungu uliwonse, ndi kuletsa ana kulendewera pa mkombero, chifukwa mzati wogwa ukhoza kupha mwana. Pansi pasalazidwe, miyala ndi zitsa zichotsedwe, pathiridwe dothi la pachulu ndi kutsendera bwino kuti mpira uzidunda. Mizere ilembedwe ndi laimu kapena phulusa. Ntchito yonseyi muigwire pamodzi ndi anyamatawo, aakulu ndi aang'ono omwe, pakuti amene adasenzako dothi sangauzidwe pambuyo pake kuti bwalolo si lake.

Nanga mpikisano?

Sitikunena kuti mpikisano ndi woipa. Anyamata amakonda kupikisana, ndipo masewera opanda wopambana amawatopetsa msanga. Chimene tikukana ndi kupambana kogulidwa ndi kukhazika ana pa benchi. M'maiko ambiri malamulo a mini-basiketi amakakamiza kuti mwana aliyense wolembedwa pa tsikulo alowe m'bwalo, ndipo inunso mukhoza kugwirizana chimodzimodzi ndi mphunzitsi wa sukulu imene mukukumana nayo. Pa masewera a zigawo 4, asanu oyamba asewere chigawo choyamba, asanu enawo chachiwiri, ndipo pa zigawo ziwiri zotsalazo mphunzitsi asankhe mmene akuonera. Ngati ana ndi ambiri, pitani ndi matimu awiri kapena atatu, ndipo zigoli za matimu onse ziphatikizidwe. Mukatero mudzaona akatswiri anu akuyamba kuphunzitsa ang'ono ao mwakhama, popeza zigoli za ang'onowo zikuwakhudza.

Tikuuzeni zoona: potsata njira imeneyi mudzagonja masewera ena amene mukadapambana. Tsiku lina mudzalowetsa mnyamata wofooka timu ili patsogolo, iye nataya mpira kawiri, anzanu napambana. Oonerera adzang'ung'udza, ndipo ena adzanena kuti mphunzitsiyu sadziwa mpira. Mtengo wake ndi umenewo, ndipo tikukupemphani kuti muulipire mwadala. Kugonja kwa tsikulo kudzaiwalika mwezi usanathe. Koma mnyamata amene adayenda mtunda wautali ndi anzake, nabwerako osakhudzako mpira, adzakumbukira mpaka kukula, ndipo kawirikawiri ulendo umenewo ndiwo umakhala womaliza.

Mudzi ndi makolo

Popeza anawa ndi a m'mudzi, ntchitoyi isayambe eni mudzi asanamve. Kambiranani ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo iye akuperekezeni kwa amfumu ndi ku komiti ya sukulu. Fotokozani masiku ndi nthawi, ndipo lonjezani kuti ana azifika kwao dzuwa lisanalowe. Lonjezo limeneli mulisunge ngakhale masewera atakoma chotani. Nthawi ya dzinja makolo amafuna ana ao kumunda, kotero chepetsani masiku m'malo molimbana nao. M'mudzi mukagwa maliro, wezulo isamveke. Mwana amene makolo ake amuletsa watayika chimodzimodzi ndi amene mphunzitsi wamsiya pambali, ndipo makolo amaletsa msanga pamene sadafunsidwe.

Ndalama nazo zimasankha ana mwakachetechete. Mukalamula kuti aliyense abwere ndi nsapato za masewera, yunifomu kapena ndalama ya umembala, mwachotsa amphawi popanda kutchula dzina la munthu. Lolani wopanda nsapato asewere pa bwalo losalazidwa bwino, ndipo matimu muziwasiyanitsa ndi timalamba todula ku chitenje chakale. Ngati pali zopereka zogulira mpira kapena pampu, zikhale zaufulu, ndipo azisunga ndi kholo losankhidwa ndi anzake, lomawerenga ndalamazo poyera pa msonkhano. Mphunzitsi asasunge ndalama za timu m'thumba mwake, pakuti ngakhale atakhala wokhulupirika, mphekesera yokha ikwanira kuthetsa ntchito yonse.

Pabwalo pazikhala munthu wamkulu wachiwiri nthawi zonse, kaya kholo kaya mphunzitsi mnzanu. Mphunzitsi asaitanire mnyamata kunyumba kwake yekha, ndipo pa ulendo wopita ku sukulu ina pazikhala chilolezo cha makolo. Malamulo amenewa amateteza ana, ndipo amatetezanso mbiri yanu. Pazikhala ndowa ya madzi akumwa, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Mwana amene thupi latentha asasewere, koma aperekezedwe kwao kuti makolo apite naye kuchipatala. Ameneyu yekha ndiye woyenera kukhala pambali.

Mwambo wa pabwalo

Kulowetsa aliyense sikutanthauza kulekerera mwano. Naismith adaletsa kukankha, kugwira, kupinga ndi kumenya m'malamulo ake oyamba omwe, ndipo inunso muike malamulo ochepa odziwika kwa onse. Wotukwana kapena womenya mnzake atuluke kwa mphindi zowerengeka, apepese, kenaka abwerere. Chikoti chisapezeke pabwalo, ndipo musalange mwana pomthamangitsa kuzungulira bwalo, chifukwa mukatero mukumphunzitsa kuti kuthamanga ndi chilango. Kuchotseratu mwana kukhale chinthu chotsiriza, mutakambirana ndi makolo ake. Musaseke mwana wolephera, ngakhale mwanthabwala, popeza anzake amatengera pakamwa panu ndipo dzina lachipongwe limene mungampatse lidzamtsata mpaka kumudzi.

Pali nkhani ina imene aphunzitsi amasiyana maganizo: kodi mnyamata wosiya sukulu aloledwe kusewera? Ena amati ayi, kuti mpira ukhale mphoto ya obwera ku sukulu. Ife tikuti aloledwe. Mnyamata amene adasiya sukulu alibenso malo ena okumanirana ndi mphunzitsi, ndipo mukamtsekera bwalo mwadula chingwe chotsiriza. Msiyeni abwere, mumzolowere, ndipo pakapita milungu mudzamva chimene chidamchotsa m'kalasi, kaya ndi kusowa yunifomu, kaya ndi manyazi obwereza kalasi ndi ana aang'ono, kaya ndi ganyu. Zina mwa zimenezi mphunzitsi wamkulu ndi komiti akhoza kuzithetsa. Chofunika nchakuti masewera asachitike nthawi ya maphunziro, ndipo wophunzira amene wajomba ku sukulu m'mawa asasewere masana a tsiku lomwelo. Koma wolephera mayeso asachotsedwe, pakuti mwina pabwalopo ndi pokhapo pamene amamvapo mau omuyamikira.

Ngakhale nkhani yathu ikunena za anyamata, musadabwe asungwana akabwera kudzaima m'mbali mwa bwalo. Masewerawa ndi aonso. Chaka cha 1892 chisanathe, Senda Berenson adali atayamba kale kuwaphunzitsa kwa asungwana pa koleji ya Smith, m'chigawo chomwecho cha Massachusetts, ndipo mpira wa manja umene asungwana athu amaukonda udaphuka ku England kuchokera ku basiketibolo yomweyi. Apatseni masiku ao pabwalo, ndipo zonse zimene tanena pano zigwire ntchito kwa iwonso.

Kaundula

Tibwerere ku funso lija. Tsiku loyamba mutenge kope, mulembe dzina la mnyamata aliyense, zaka zake, mudzi wake ndi dzina la womlera. Muziitana maina tsiku lililonse la masewera monga mumachitira m'kalasi. Mnyamata akasowa kawiri motsatizana, funsani anzake, ndipo akasowa kachitatu pitani kwao. Mwina mudzapeza kuti akudwala kapena watumidwa kudimba, koma mwinanso mudzamva kuti okulirapo samampatsira mpira, kapena kuti inu nomwe mudamlankhula mau oswa mtima. Zoterezi sizimveka pokhapokha mutafunsa. Pakutha pa teremu iliyonse werengani amene adalembetsa ndi amene atsala, ndipo chiwerengerocho mukachinene kwa makolo pamodzi ndi zotsatira za masewera.

Chikho chikabwera, chilandireni mokondwa, ndipo ana avine. Koma pamene mudzasamutsidwe kupita ku sukulu ina, anthu a m'mudzimo adzakuyesani ndi ana ao, aliyense payekha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, adatero makolo athu, ndipo sadatchulepo za kutalika kwake. Tikukupemphani, inu aphunzitsi a mawa, kuti mukadzaimika mzati uja ndi kuliza wezulo koyamba, mudzawerenge ana amene abwera, ndi kukonza masewera okwanira chiwerengero chimenecho, monga adachitira Naismith ndi ophunzira ake 18.